Mmene mungapemphere kuti Scratch isinthidwe maonekedwe, pempho lanu n'kumveka

Amene mumaphunzitsa ana Scratch muno mu Blantyre, kaya ndi kalabu yapasukulu ku Chilomoni kaya ndi laputopu imodzi pakhonde ku Bangwe ana atayiunjirira, mukudziwa kuti madandaulo sasowa. Uyu akuti buloko ija sindikuyiona, uyo akuti zilembo zachepetsetsa, winayo gemu yake yapita ndi magetsi. Ambirife timangoti "ndi mmene anayipangira eni ake" basi n'kupitiriza. Komatu maonekedwe a pulogalamuyi amasintha, ndipo eni akewo ali ndi khomo lolandirira maganizo a anthu wamba. Vuto ndi loti maganizo ambiri amalembedwa mwa bola ndalankhula, nde sapita patali.

Kwa amene mwangoyimva lero: Scratch ndi pulogalamu yaulere yomwe munthu amapangira magemu ndi makatuni pokoka mabuloko amitundumitundu n'kumawalumikiza, osati kutaipa code. Anayipanga ku MIT Media Lab ku America, gulu lotchedwa Lifelong Kindergarten lotsogozedwa ndi Mitchel Resnick, ndipo inatuluka mu 2007. Scratch 2.0 inabwera mu 2013, kenako 3.0 mu Januwale 2019, apa ndi pomwe siteji, malo aja poonekera gemu kapena katuni yomwe wapanga, inasamuka kuchoka kumanzere kupita kumanja ndipo mabuloko anakulitsidwa kuti chala chizitha kuwagwira pa tabuleti. Njira zili mmusizi zigwiranso ntchito ngati yanu ndi MIT App Inventor kapena LabVIEW ya anzathu a zauinjiniya, kungoti ine ndikamba za Scratch poti ndi yomwe yafala kuno.

1. Yambani ndi kuonerera, manja ali kumbuyo

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Mpatseni mwana ntchito, mwachitsanzo kuti kamphaka kamene kamaoneka pa siteji ukangotsegula Scratch kayende masitepe 10, kadikire pang'ono, kenako kalire, inuyo khalani pambali ndi kope, musamuthandize ngakhale dzanja likuyabwa bwanji. Lembani pomwe waima, chomwe amafuna, ndi komwe anakadina molakwika.

Muona zinthu ngati izi. Mwana akufuna buloko ya "wait 1 seconds", akuyifufuza mu Motion, gulu la mabuloko abuluu a kuyenda, chifukwa mmutu mwake kudikira ndi nkhani ya kuyenda, wakwera watsika ndi mausi, wadutsa Looks, wadutsa Sound, pomwe bulokoyo ili phee mu Control. Kapena mukugwiritsa ntchito pulojekita yotopa mkalasi mopanda makatani masana, chikasu cha Events, olenji wa Control ndi olenji wina uja wa Variables zonse zikuoneka ngati mtundu umodzi, mukati "tengani yachikasu" theka la kalasi latenga ina. Izi nde zofunika kulemba ndendende mmene zachitikira.

Ndipo siyanitsani zinthu ziwiri: chomwe simukuchikonda ndi chomwe chikulepheretsa munthu ntchito. Zoti kamphaka kamakunyansani ndi zanu zimenezo. Koma ngati ana osiyanasiyana, osauzana, akupunthwa pamalo amodzimodzi, pamenepo muli ndi nkhani.

2. Onani kaye ngati chinthucho sichilimo kale

Zodandaula zambiri zimathera pano, chifukwa Scratch inabisa tinthu tina mmakona.

Mabuloko akamwazikana, dinani batani lakumanja la mausi pamalo opanda kanthu musankhe "Clean up Blocks", aima pamzere okha. Pomweponso pali Undo, Redo ndi Add Comment. Kumunsi chakumanja kwa malo a code kuli timabatani titatu, + wokulitsa, - wochepetsa ndi = wobwezeretsa. Ngati malo akuchepa, makamaka pa malaputopu a kaunjika aja a sikirini ya 1366 x 768, pamwamba pa siteji pali kabatani kochepetsera sitejiyo kuti mabuloko apeze mpata, ndipo mu browser mutha kuonjezera F11. Mwafufuta mwangozi sprite, kanthu koyenda pa siteji ngati kamphaka kaja? Pitani pa Edit mupeza Restore, koma fulumirani, imabweza yomalizira yokha. Nkhani ya mitundu ija, kuyambira mu 2023 muli High Contrast pansi pa Settings, mabuloko amawala ndipo zilembo zimakhala zakuda, yesani kaye imeneyo pa pulojekita yanuyo musanalembe kalikonse.

Ndikuuzeni chinthu china: mukapeza kuti chinthucho chilimo koma palibe mwana anachitulukira yekha, limenelonso ndi pempho, loti achiike poonekera. Mapempho otere amakhala opepuka kuwachita kusiyana ndi kupempha chinthu chatsopano.

3. Fufuzani ngati ena sanapemphe kale, kapena kukanidwa

Pa malo okambirana a pa webusaiti ya Scratch pali gawo la Suggestions, lolembapo maganizo, ndipo pamwamba pake anakhomapo mndandanda wa maganizo omwe anakanidwa kale ndi zifukwa zake. Werengani umenewo. Zoti Scratch ikhale ya 3D, zoti muzitha kutaipa code mmalo mwa mabuloko, zoti anthu azitumizirana mauthenga amseri, zonsezi anakana, mukazibweretsanso angotseka nkhani yanu. Zina ngati dark mode (maonekedwe akuda a sikirini) ndi kabokosi kofufuzira mabuloko anthu akhala akupempha kwa zaka, nde ngati lanu ndi lomwelo musayambitse latsopano, kaonjezereni umboni wanu pa lakalelo.

Nanga amakaniranji zinthu zooneka zabwinobwino? Eni ake amaifanizira Scratch ndi nyumba ya khomo losavuta kulowa, denga lalitali ndi zipupa zotalikirana, kutanthauza kuti mwana wa zaka 8 alowe osaopa, wodziwa akwere mpaka pomwe angathe, ndipo aliyense apange zakezake. Batani lililonse loonjezera limamukondweretsa wa zaka 16 koma limamusokoneza wa zaka 8 uja. Nde pempho lanu lizidzifunsa lokha: kodi wongoyamba kumene izi zimuthandiza kapena zimubalalitsa? Ine ndimaona kuti apa eni ake amalondola nthawi zambiri, ngakhale pa nkhani yofufuzira mabuloko ndimawaona ngati akuchedwa nayo.

4. Tolerani umboni

Jambulani sikirini, pa Windows 10 ndi 11 dinani Windows + Shift + S nthawi imodzi n'kudula pomwe mukufuna. Lembani mtundu wa kompyuta, kukula kwa sikirini, browser yanji, komanso ngati mukugwiritsa ntchito ya pa intaneti kapena app yodaunilodi, chifukwa ziwirizi sizifanana. Mwachitsanzo Backpack, kathumba konyamulira mabuloko kuchoka pulojekiti ina kupita ina, kamapezeka mukalowa ndi akaunti pa intaneti basi.

Kenako jambulani mmene mukufunira kuti zizionekera. Sizofuna luso ayi, tsegulani chithunzi chija mu Paint, jambulani kabokosi pomwe batani lingakhale, ikani muvi. Munthu amamva msanga akaona kusiyana ndi kuwerenga ndime zitatu.

Chonde nkhope za ana, mayina awo, dzina la sukulu, nambala ya foni, zonsezi zisaonekepo. Malamulo a Scratch amaletsa, komanso ndi ana a eni.

5. Lembani, ganizo limodzi pa pempho limodzi

Osaunjika zinthu teni malo amodzi ayi, anthu amangokangana pa chimodzi chofooka zina zonse n'kuiwalika. Mutu unene chinthucho mwachindunji, osati "Please fix Scratch". Mkati mwake muyankhe mafunso awa motsatana: ndani akuvutika, akufuna kuchita chani, chikuchitika n'chani panopa, inu mukuti asinthe chani, ndipo choipa chake chingakhale chani.

Titenge nkhani yomwe imatikhudza kwambiri kunoko. Scratch ya pa intaneti imaseva yokha ukalowa ndi akaunti, koma app yodaunilodi, yomwe ambirife timadalira poti bandulo ndi yodula, siseva yokha, mpaka upite pa File n'kusankha "Save to your computer" kuti utulutse fayilo ya .sb3. Nde pempho lingamveke chonchi:

"Ndimaphunzitsa ana a pulayimale ku Malawi pa makompyuta a desktop opanda batire, ndipo timagwiritsa ntchito app chifukwa intaneti sikhalapo nthawi zonse. Magetsi akathima mwadzidzidzi, zonse zomwe mwana sanaseve zimatayika. Ndikupempha kuti app izisunga yokha kope la pulojekiti pakapita mphindi zingapo, ndipo ikatsegulidwanso izifunsa ngati munthu akufuna kubwezeretsa. Palibe batani latsopano lomwe lingaonjezereke pa sikirini. Choipa chake ndi choti pa kompyuta yogawana mwana wina atha kupeza ntchito ya mnzake, choncho pakhale njira yozimitsira."

Mwaona? Mulibe kulira, mulibe kunyoza, ndipo choipacho mwachinena nokha asanakuuzeni. Mukamaliza kuganiza mu Chichewa chonchi, tembenuzirani mu Chingerezi chosavuta, ziganizo zifupizifupi, musavutike ndi mawu akuluakulu a mudikishonale. Ndipo musachite manyazi kunena kuti muli ku Malawi ndipo magetsi amathimathima, amene amapanga mapulogalamuwa ku Boston zimenezi sakumana nazo tsiku ndi tsiku, mukapanda kunena inu anena ndani?

6. Tumizani pakhomo loyenera

Ganizo latsopano lipite ku Suggestions. Ngati chinthu chikuyenera kugwira koma chikukana, imeneyo ndi bug, ili ndi gawo lakelake la Bugs and Glitches, musasakanize. Palinso tsamba la Contact Us lolembera eni ake mwachindunji. Achimwene ndi achemwali odziwa JavaScript, code ya Scratch ndi yotsegula, ili pa GitHub, webusaiti yosungirapo code, pansi pa Scratch Foundation, mutha kukaona nokha mmene editor inamangidwira musanalonjeze anthu kuti "n'zophweka izi".

Msampha umodzi woti muudziwe: pa webusaiti ya Scratch saloleza kutchula kapena kutsatsa ma extension a browser, timapulogalamu toonjezera zinthu mu browser. Nde ngakhale munachiona chinthucho kwina, pofotokoza ingonenani mmene chingagwirire ntchito, dzina la komwe munachiona lisiyeni.

Nkhani ya chilankhulo ili payokha. Pa mndandanda wa zilankhulo muli Kiswahili, isiZulu, isiXhosa, Setswana, koma Chichewa ine sindinachionemo. Imeneyi siithera pa kupempha, chifukwa womasulira Scratch ndi anthu ongodzipereka kudzera pa webusaiti yomasulirirapo yotchedwa Transifex, kutanthauza kuti ntchitoyo ikudikira ife tomwe. Aphunzitsi angapo a Chichewa ndi a makompyuta atati agwirizane, chingalephereke n'chani? Kwa mwana wa Sitandade 4 ku Ndirande amene Chingerezi chikadali chomulemera, ndikuona kuti chimenechi chingamuthandize kuposa batani lina lililonse.

7. Mukudikira, musakhale manja lende

Yankho litha kutenga nthawi yaitali, mwinanso osabwera n'komwe, ndipo anthu ena amene amayankha kumeneko ndi ana, nde wina akakutsutsani mwachibwana musapse mtima. Muzibwererako mukakhala ndi chatsopano, monga kalasi ina yapunthwanso pomwepo, kapena mwakonza chojambula chija.

Pakadali pano zambiri zomwe anthu amapempha zinapangidwa kale ndi anthu odzipereka kunja kwa Scratch yeniyeni. Scratch Addons ndi extension ya Chrome, Edge ndi Firefox yomwe imaonjezera dark mode, batani la pause pakati pa mbendera yobiriwira yoyambitsira ndi lofiira loimitsa, kabokosi kofufuzira pomwe variable (kosungira nambala kapena mawu) yagwiritsidwa ntchito, ngakhale mafoda a ma sprite gemu ikakula. TurboWarp nayo ndi Scratch yosinthidwa, imathamanga kwambiri chifukwa imatembenuza mabuloko kukhala JavaScript, ili ndi app ya desktop yogwira popanda intaneti, ndipo imasunga ma restore point, chomwe chija timapempha mu sitepe 5. Daunilodani kamodzi pomwe pali Wi-Fi, ikani pa fulashi, gawanani.

Izi zimathandizanso kuyesa ganizo lanu lisanapite. Yatsani chinthucho kwa ana ena, ena asiyeni pa Scratch wamba, muone ngati chikuthandizadi, chifukwa nthawi zina chomwe mphunzitsi amachilakalaka ana sachikhudza n'komwe.

Samalani pawiri pokha. Musayatse ma addon onse nthawi imodzi kwa ongoyamba kumene, sikirini imadzadza ndipo akapita pa kompyuta ina yopanda zimenezo amasowa pogwira. Komanso TurboWarp ili ndi ma extension ake omwe Scratch siiwadziwa, nde pulojekiti yomwe yagwiritsa ntchito amenewo siikatseguka pa Scratch wamba. Ngati mwana akufuna kudzaika gemu yake pa webusaiti ya Scratch kapena kukapikisana nayo kwina, muuzeni agwiritse mabuloko wamba okhaokha, ndipo fayilo ya .sb3 ayiyese pa Scratch yeniyeni tsiku lisanafike.