Momwe mungakonzekerere mayeso a SAT muli ku Lilongwe

Wophunzira amene wakhoza bwino MSCE ndipo akufuna malo ku LUANAR kapena ku yunivesite ina ya boma amadutsira ku bungwe la NCHE, koma amene akufuna kukaphunzira ku America nthawi zina amafunsidwanso zotsatira za mayeso a SAT, omwe amakonzedwa ndi bungwe la College Board. Si sukulu zonse zimene zimawafuna, choncho musanalipire ndalama fufuzani kaye zofunika pa sukulu imene mwaisankha.

Choyamba, tsegulani akaunti pa webusayiti ya College Board, musankhe tsiku ndi malo olembera, ndipo dzina lanu mulilembe ndendende monga lilili pa pasipoti. Kuyambira mu 2023 ophunzira a kunja kwa America salembanso mayesowa papepala. Amalemba pa laputopu kapena tabuleti pogwiritsa ntchito pulogalamu ya Bluebook, ndipo foni siloledwa.

Kenako mvetsetsani mmene mayesowo anakonzedwera, chifukwa apa ndi pomwe ophunzira anzeru amatayira malikisi. Ali ndi mbali ziwiri, ndipo mbali iliyonse inagawidwa pawiri. Mbali yoyamba ndi ya kuwerenga ndi kulemba Chingerezi, ya mafunso 54 m'mphindi 64, kutanthauza magawo awiri a mafunso 27 m'mphindi 32. Funso lililonse lili ndi kandime kakekake kakafupi, ndipo mumasankha yankho limodzi mwa anayi. Mukapuma mphindi 10 mumayamba masamu, omwe ndi mafunso 44 m'mphindi 70, magawo awiri a mafunso 22 m'mphindi 35. Ambiri ndi osankha yankho, koma ena mumalemba nokha nambala imene mwapeza. Kakyuleta ndi yololedwa pa masamu onse, ndipo mu Bluebook muli kale ina yotchedwa Desmos, yomwe imajambulanso magirafu. Mbali iliyonse imapereka malikisi oyambira 200 mpaka 800, choncho onse pamodzi amayambira 400 mpaka 1600.

Chofunika kwambiri ndi chakuti pa mbali iliyonse gawo lachiwiri limadalira mmene mwayankhira gawo loyamba. Mukayankha bwino, pulogalamuyo imakupatsani mafunso ovutirapo, omwenso ndi amene amatsegula mwayi wa malikisi apamwamba, pomwe mukaphonya ambiri imakupatsani osavuta amene sangakufikitseni pamwamba ngakhale mutawakhoza onse. Chizolowezi chimene ambiri tinakula nacho, choyamba pang'onopang'ono n'kudzathamanga kumapeto, pano n'choluzitsa. Nthawi ya gawo ikatha simungabwererekonso, ndipo pa Chingerezi funso limodzi lili ndi mphindi imodzi yokha ndi masekondi ochepa. Funso likakuvutani, liikeni chizindikiro, pitirirani, mudzalionenso nthawi ikatsala. Musasiye funso losayankha, chifukwa yankho lolakwika sachotsera malikisi.

Pokonzekera, lembani mayeso oyeserera omwe ali mu Bluebook momwemo, mutakhala pansi nthawi yonse ya maola 2 ndi mphindi 14 popanda kudzuka kupatula pa nthawi yopuma. Pomwe mwalephera kabwerezeni pa webusayiti ya Khan Academy, pomwe maphunziro ake ndi aulere, ngakhale bandulo ya intaneti njogula ndithu. Kwa wophunzira wa MSCE masamu ambiri sakhala achilendo. Chimene chimavuta ndi kuwerenga Chingerezi mwachangu, choncho nthawi yochuluka ipite kumeneko.

Patatsala masiku ochepa, tsegulani Bluebook kuti mumalize kukonza mayeso anu ndi kutenga tikiti yolowera. Laputopu muitchajiretu dzulo lake masana, osadikira usiku, poti magetsi akhoza kuzima, ndipo tchaja muitengenso. Mayesowa amalembedwa Loweruka m'mawa, choncho ngati mukuchokera ku Area 25, ku Likuni kapena ku Kawale pa minibasi, nyamukani kusanache bwino, mutatenga pasipoti ndi tikiti, chifukwa wochedwa saloledwa kulowa. Zotsatira zimaoneka pa akaunti yanu patatha pafupifupi masabata awiri.