Lipenga: zala mudziphunzitse nokha, koma milomo akuonereni wina

Lipenga lili ndi mavalavu (mabatani odina ndi zala) atatu okha, ndipo kadinidwe kake mungakaloweze nokha m'masiku ochepa. Pa lipenga la B♭, lomwe oyamba ambiri amagwira, C ndi G amatuluka osadina kanthu, D wapansi mumadina 1 ndi 3, E ndi 1 ndi 2, F ndi 1 yokha. Apa mphunzitsi safunika. Ingodziwani kuti C wanu amamveka ngati B♭ wa piyano, musadzakangane ndi wapakiyibodi.

Nkhani yagona pa milomo. Mawu amayambira pa kunjenjemera kwa milomo mkati mwa mouthpiece (kachitsulo koika pamilomo), lipengalo limawakuza. Tsekani milomo ngati mukuti "m", limbitsani m'mbali mwa kamwa, pakati pakhale pofewa, kenako tulutsani mpweya. Mouthpiece ya saizi 7C ndi yokwanira poyambira.

Wophunzira yekha amagwa akafika pa manotsi okwera. Amakanikiza lipenga pamilomo ndi dzanja, notsi n'kutulukadi, iye n'kumati wapeza njira. Pakapita mphindi zochepa mlomo watupa, mawu athawa. Wina amakoka milomo ngati akumwetulira, wina amafinya kukhosi, wina amatukumula masaya. Inde, Dizzy Gillespie, katswiri wa lipenga wa ku America, ankatukumula, koma woyamba asatengere. Woyimbayo zonsezi saziona, ndipo kusiya chizolowezi kumatenga nthawi kuposa kuyamba bwino. Choncho pezani wodziwa lipenga akuyang'aneni maulendo anayi kapena asanu oyambirira, kenako mwa apo ndi apo. Akasowa, yimbani patsogolo pa galasi ndipo muzidzijambula pafoni.

Mphindi 15 mpaka 20 tsiku lililonse zimaposa maola awiri kamodzi pa sabata. Yambani ndi manotsi aatali, iliyonse masekondi 8 mpaka 10, mawu osagwedera, lilime likuyambitsa ndi "tu". Mukayimba mphindi imodzi, pumulaninso imodzi. Mlomo ukayamba kuwawa, lekani.

D wapansi amakonda kukwera mopitirira, ndiye kankhirani kunja pang'ono slide (kapaipi kosendezeka) ya valavu 3. Khutu losazolowera silimva zimenezi, tuner ya pafoni (pulogalamu yoyezera manotsi) ikuuzani.

Pothira mafuta, tulutsani valavu imodziimodzi, madontho awiri kapena atatu basi. Mukaibwezera mokhota kapena m'malo mwa inzake, mpweya umatsekeka ngati lipenga lafa. Itembenuzeni mpaka ikhazikike, muone ngati nambala yake ikugwirizana ndi malo ake. Likayamba kulira ngati likusukusula kukhosi, ndi madzi: tsegulani kotayira madzi, uzirani pang'ono.