Momwe mungadziwire mafuta enieni omwe galimoto yomwe mwangogula ikumwa

Munthu akangogula galimoto yomwe inayendapo kale, funso loyamba lomwe abale ndi anzake amamufunsa ndi lakuti imamwa bwanji mafuta. Ambiri timayankha potengera ndalama zomwe tathira sabata imeneyo kapena poyang'ana muvi wa geji, koma njira ziwiri zonsezi zimasocheretsa. Mtengo wa pa lita umasintha bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi la MERA likalengeza mitengo yatsopano, ndipo muvi wa geji umatsika mwaulesi thanki ikakhala yodzaza, kenaka n'kuyamba kuthamanga ukadutsa pakati. Ine ndinagula Toyota Vitz ya 2012 ya injini ya 1.0, yomwe inachokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe, ndipo ndinataya ndalama zambiri ku galaja ndisanadziwe kuti choyenera kuyambira ndi kuyeza, osati kusintha zipangizo.

Musanayambe kuyeza, iwalani kaye nambala yomwe wogulitsa anakuuzani. Kawirikawiri ogulitsa amatchula nambala ya ku fakitale, yomwe pa galimoto zing'onozing'ono ngati imeneyi imapitirira makilomita 20 pa lita imodzi. Nambala imeneyo imachokera pa muyeso wa ku Japan wotchedwa JC08, womwe amachitira m'nyumba, galimoto ili pa makina ozunguza matayala, choziziritsa mpweya chili chozimitsa, popanda zitunda, maenje kapena katundu. Komanso petulo wa kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, yemwe amapangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol ali ndi mphamvu yocheperapo pa lita iliyonse poyerekeza ndi petulo. Choncho galimoto yanu ikalephera kufika pa nambala ya wogulitsa, sizitanthauza kuti ili ndi vuto.

Gawo loyamba ndi kudzaza thanki. Sankhani malo amodzi omwetsera mafuta, ndipo loweza pampu yomwe mwaimapo, chifukwa mudzayenera kubwereranso pomwepo ndi kuimika galimoto moyang'ana mbali yomweyo. Muuzeni wothira mafutayo kuti asiye pampu ikangodzidula yokha koyamba, asawonjezere kalikonse pofuna kuti ndalama zifike pa nambala yosavuta kubweza chenji. Mukatero, bwezani pa 0 nambala yowerenga makilomita a ulendo, ija imalembedwa kuti TRIP A, ndipo mulembenso m'kabuku nambala yaikulu ya makilomita onse, kuti wina akadzadina batani mwangozi musadzataye chiwerengero. Kenaka yendani monga momwe mumayendera masiku onse, kuntchito, kusukulu kwa ana ndi kutchalitchi, mpaka mutakwanitsa makilomita osachepera 300.

Gawo lachiwiri, lomwe ndi kudzazanso thanki, ndi lomwe linandilakwika, ndipo ndikufuna kulifotokoza mwatsatanetsatane. Nditayenda makilomita pafupifupi 250, mafuta anasowa mumzinda wa Lilongwe. Ndinazungulira malo omwetsera mafuta angapo osapeza kanthu, ndipo pomwe ndinamva kuti thankala ikubwera ndinakhala pa mzere kuyambira masana mpaka usiku, injini ikulira chifukwa cha kutentha ndiponso chifukwa mzere unkasuntha pang'onopang'ono. Mafuta a pa malowo anatha ndisanafike pa pampu. M'mawa mwake ndinagula kwa venda wa m'mbali mwa msewu petulo wa m'zigubu zinayi za mafuta ophikira zija, zomwe iye ankati chilichonse chili ndi malita 5, pa mtengo woboola m'thumba kwambiri. Ndinalemba m'kabuku kuti ndathira malita 20. Patapita masiku anayi ndinapeza mafuta pa malo ena, osati oyamba aja, ndipo poopa kuti asowanso ndinalola mnyamata wothira kugwedeza galimoto ndi kuthirabe mpaka mafuta anaonekera pakamwa pa thanki. Pampu inaonetsa malita 27, ndipo makilomita onse anali 460.

Nditagawa 460 ndi 47 (malita 20 aja kuphatikiza 27) ndinapeza makilomita 9.8 pa lita, ndipo mtima unandipweteka, chifukwa imeneyo ndi nambala ya galimoto yaikulu, osati ya kainjini ka masilinda atatu. Ndinathamangira kwa makaniko, yemwe asanayeze chilichonse anandiuza kuti ndigule mapulagi atsopano. Ndinagula pa kasitolo kena ka zipangizo za galimoto mapulagi omwe bokosi lake linalembedwa kuti iridium, chitsulo cholimba chomwe chimakhala pa nsonga za mapulagi odula, koma mtengo wake unali wotsika mokayikitsa, ndipo pasanathe mwezi injini inayamba kunjenjemera ndikaima pa maloboti. Makaniko wina atawachotsa anandionetsa nsonga zake zitadyeka kale. Mwamwayi mapulagi akale ndinali nditawasunga m'buti, ndipo atawabwezeramo injini inakhazikika.

Pambuyo pake ndinatenga chimodzi mwa zigubu zija, chomwe chinatsala m'galimoto, ndi kuthiramo madzi ndi botolo la lita imodzi kufika pomwe mafuta analekezera. Botolo lachisanu silinalowe ngakhale theka. Chigubucho chinali chofinyidwa m'mbali komanso chosadzaza, kutanthauza kuti malita 20 omwe ndinalemba anali pafupifupi 17. Onjezeraniponso malita omwe mnyamata uja anakakamiza kulowa m'khosi mwa thanki, ndi mafuta omwe anapsa ndili pa mzere, pomwe injini imamwa theka la lita kapena kupitirira pa ola lililonse koma makilomita osawonjezeka. Mafuta a m'zigubu amenewa ena amawasakanizanso ndi palafini, ndipo masiku amenewo injini yanga inkagogoda pokwera chitunda. Chotero ngati mafuta asowa muli pakati pa muyeso, usiyeni muyesowo ndipo mudzayambirenso zinthu zikakhazikika, chifukwa lita iliyonse yomwe sinadutse pa pampu siyenera kulowa m'masamu anu.

Nditayezanso bwino, pa pampu imodzi komanso posiya ikangodzidula koyamba, ndinayenda makilomita 385 ndi malita 28, zomwe ndi makilomita 13.75 pa lita. Masamu ake ndi omwewo nthawi zonse: makilomita omwe mwayenda muwagawe ndi malita omwe alowa pa kudzaza kwachiwiri. Bwerezani katatu, kenaka muphatikize makilomita onse ndi malita onse musanagawe, chifukwa muyeso umodzi wokha ukhoza kunama. Ndi bwinonso kuyeza padera ulendo wautali, monga wochoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre kudzera pa Zalewa, womwe ndi wa makilomita opitirira pang'ono 300. Nambala ya kamwedwe ka mafuta yomwe galimoto zina zimaonetsa pa dashibodi imakhala yokometsera, ndipo imaphatikizaponso maulendo a mwini wake wakale ngati simunaifufute.

Mukakhala ndi nambala yodalirika, ndi pomwe mungayambe kufufuza chomwe chikudya mafuta, kuyambira pa zinthu zosafuna ndalama. Tsegulani chitseko cha dalaivala ndipo muone kapepala komatidwa pa chitsulo, komwe kamanena mpweya woyenera m'matayala. Galimoto za ku Japan zimalemba mu kPa, pomwe opopa matayala ambiri amagwiritsa ntchito psi, ndipo 230 kPa ndi pafupifupi 33 psi. Yezani m'mawa matayala asanatenthe. Muyang'anenso m'mbali mwa tayala ngati palembedwa kuti studless, chifukwa galimoto zambiri zimabwera ndi matayala oyendera pa chipale chofewa, omwe ndi ofewa, amalemetsa galimoto ndiponso amatha msanga pa phula lotentha. Ngati mwini wake woyamba kuno anaika matayala aakulu kuposa oyenera, makilomita omwe galimoto ikuwerenga amachepa poyerekeza ndi omwe yayendadi, ndipo mungatsimikize zimenezi ndi mapu a pa foni.

Chinthu chomwe chinasintha kwambiri pa galimoto yanga chinali thermostat, kachipangizo komwe kamatsekera madzi oziziritsa injini mpaka injiniyo itatentha mokwanira. Amakaniko ena amaichotsa ponena kuti dziko lathu ndi lotentha, koma ikachotsedwa injini imachedwa kufika pa kutentha kwake koyenera, ndipo kompyuta ya galimoto imangothirabe mafuta ambiri poganiza kuti injini idakali yozizira. Pa Vitz pali kanyali kabuluu komwe kamayaka mukangoliza injini m'mawa ndipo kamayenera kuzima pakapita mphindi zochepa. Kanga kankachedwa kuzima, ndipo tsiku lina kanayakanso ndikutsetsereka cha ku Dedza. Titatsegula tinapeza kuti thermostat mulibe. Musagule yochotsedwa m'galimoto yowonongeka ngakhale ili yotchipa, chifukwa ikamatirira ili yotseka injini imawira.

Funsaninso mtundu wa oyilo yemwe anathiridwa. Injini zing'onozing'ono zimenezi zimafuna oyilo wopepuka monga 0W-20 kapena 5W-30, koma magalaja ambiri amangothira 20W-50 m'galimoto iliyonse chifukwa ndi yemwe amapezeka msanga. Sefa ya mpweya muiyang'ane pafupipafupi m'miyezi ya fumbi ya Seputembala ndi Okutobala. Mukafika kunyumba, yandikizani dzanja pa mkombero wa tayala lililonse, ndipo ngati limodzi latentha kuposa anzake ndiye kuti buleki yake ikugwira. Nyali ya injini ikayaka, pitani kwa yemwe ali ndi makina owerengera vuto musanagule chipangizo chilichonse.

Zotsalazo ndi za kayendetsedwe, ndipo ambiri mumazidziwa kale. Nyamukani mofatsa, siyani mpata pakati pa inu ndi galimoto yakutsogolo kuti musamaponde buleki pafupipafupi, zimitsani injini pa mzere wautali, ndipo tsitsani katundu yemwe amangogona m'buti. Pa msewu waukulu liwiro la makilomita 80 kapena 90 pa ola limasunga mafuta kuposa 110. Nditabwezeretsa thermostat, kusintha oyilo ndi kupopa matayala moyenera, kabuku kanga kakuonetsa makilomita 15 pa lita mumzinda, ndipo pa ulendo wa ku Blantyre mwezi wathawu ndinapeza 18.