Malangizo a khola ndi magetsi a buluzi wa basilisk, kwa abale athu aku Zambia

Abale aku Chipata, Petauke mpaka Lusaka, pepala la malangizo lomwe limabwera mkatoni ya zida za khola la basilisk lija ndaliika mchinyanja kuno ku Lilongwe, ndipo pena ndi pena ndaonjezerapo zanga chifukwa olemba mapepalawa amaganizira maiko ozizira, Okutobala wathu samudziwa.

Pepala likuyamba ndi nyamayo. Basilisk wobiriwira, Basiliscus plumifrons, kwawo ndi nkhalango zamvula za ku Honduras, Nicaragua, Costa Rica ndi Panama, amakhala pa nthambi za mmbali mwa mitsinje ndipo akadzidzimuka amadumphira mmadzi kapena kuthamanga pamwamba pa madziwo ndi miyendo yakumbuyo. Wamkulu amafika masentimita 60 mpaka 90, mbali yaikulu ndi mchira. Musamuyese gulo wathu wa pamwala amene amapirira chilimwe chouma, uyu amafuna kutentha ndi chinyezi pamodzi.

Khola la mmodzi wamkulu lisachepere masentimita 120 mulitali, 60 mulifupi ndi 120 kupita mmwamba, ngati malo alipo pangani 180 mulitali, ine ndingakondwe kwambiri. Ikani nthambi zonenepa zoti azigonapo thupi lonse, zina zopingasa zina zokwera, ndi masamba ambiri obisalamo. Pa magalasi samalani, buluziyu ndi wamantha ndipo galasi saliona, akathawa amakaliomba ndi mphuno mobwerezabwereza mpaka mlomo kuchita bala lomwe limavuta kupola, ndiye mbali zitatu zikhale za matabwa kapena muzimate pepala kunja, galasi likhale kutsogolo kokha, nalonso mulitchinge mmunsi. Amuna awiri khola limodzi ayi, amamenyana. Pansi beseni lalikulu loti alowemo yense, madzi kusintha tsiku lililonse poti amachitiramo chimbudzi.

Tsopano magetsi, apa ndi pomwe ndikufuna muwerenge modekha. Mababu ndi awiri ndipo ntchito zake nzosiyana, wina sangalowe mmalo mwa mnzake.

Loyamba ndi babu lotenthetsa. Liikeni pamwamba, mbali imodzi ya khola, lilunjike pa nthambi yoothera, pamenepo pafike madigiri 32 mpaka 35, mbali inayo ikhale 24 mpaka 27 kuti akatenthedwa azisamukirako yekha. Osaika babu pakati, mukatero khola lonse limatentha mofanana ndipo alibe kothawira. Yezani ndi thermometer pa nthambi penipenipo, osati kungogwira ndi dzanja. Babu likhale kunja kwa sefa yotseka pamwamba pa khola kapena mulitchinge ndi waya chifukwa basilisk amalumpha ndipo akalikhudza amapsa. Miyala yotenthetsa yamagetsi ija pepala likuletsa, imawotcha mimba.

Lachiwiri ndi chubu cha UVB (gawo la kuwala kwa dzuwa lomwe maso athu saliona), mtundu wopyapyala wotchedwa T5 wolembedwa 6% kapena 5.0, chotalika pafupifupi theka la khola, chiikidwe mbali yomweyo ya babu lotenthetsa, masentimita 30 mpaka 40 kuchokera pa msana wa buluzi akakhala pa nthambi. Kuwala kwa UVB ndi komwe kumapangitsa khungu lake kupanga vitamini D3, popanda D3 kashiamu wa mchakudya salowa mmafupa ngakhale mumuwazire ufa wa kashiamu pa tizilombo tsiku ndi tsiku, mapeto ake nsagwada zimafewa, miyendo kupindika, kunjenjemera, kukwera nthambi kumamukanika. Matendawa amayamba mwakachetechete ndipo mukamawaona ndi maso mafupa aonongeka kale, zimandimvetsa chisoni chifukwa nzopeweka. Galasi ndi pulasitiki wamba zimatchinga UVB, ndiye kuika khola pawindo sikuthandiza, kungotenthetsa khola mopyola muyezo basi. Pakati pa chubu ndi buluzi pasakhale galasi, sefa yokha, nayonso ya maso akulu chifukwa yothinana imadya gawo la kuwalako. Komanso chubu chimapitiriza kuyaka bwinobwino UVB atatha kale, maso athu saona kusiyana, ndiye lembani tsiku logula pa chubupo ndi maka, T5 musinthe pakatha miyezi 12, chubu chonenepako chotchedwa T8 kapena timababu topindika tija miyezi 6.

Zonse ziwiri ziziyaka maola 12, kuzima maola 12, gulani timer yoyatsa ndi kuzimitsa magetsi yokha, musamadalire kukumbukira. Usiku mdima weniweni, mababu ofiira kapena abuluu ayi. Kutentha kwa usiku kusatsike pansi pa madigiri 21, ndipo apa ndikuonjezera zanga, kuno ku Lilongwe Juni ndi Julayi usiku kunja kumatsika mpaka cha mma 10 kapena kuchepera, ku Chipata ndi Lusaka nako kumazizira chimodzimodzi, ndiye miyezi imeneyo mufunika chotenthetsa cha ceramic chosawala, cholumikiza ku thermostat, kachipangizo kochizimitsa kutentha kukakwana. Okutobala ndi Novembala vuto limatembenuka, nyumba ya malata imatentha yokha, chepetsani mawati a babu ndipo muziyang'ana mbali yozizira ija masana.

Chinyezi chikhale 60 mpaka 80 pa 100 pa hygrometer, kachipangizo koyezera chinyezi. Dzinja sizivuta koma kuyambira Meyi mpaka mvula yoyamba mpweya wathu ndi wouma, muziwaza madzi ofunda pang'ono mmawa ndi madzulo, osawaza pa babu lotentha limaphulika. Mpweya uzilowa ndi kutuluka kuti musamere nkhungu.

Musanalumikize chilichonse onani mavoti pa katoni. Magetsi athu Malawi ndi Zambia ndi 230, zida zambiri zochokera ku America ndi za 120 ndipo zimapsa nthawi yomweyo. Magetsi akazima masana tsiku limodzi buluzi safa, chodetsa nkhawa ndi usiku wozizira, fundikani khola ndi bulangeti kusiya kampata ka mpweya, muike botolo la madzi ofunda lokulunga mu thaulo. Mbaula ya makala kapena kandulo pafupi ndi khola musayerekeze, utsi umamupha. Chubu chakutha musachiswe kapena kuchiponya kudzala komwe ana amasewera, muli mercury yemwe ndi poizoni, chibwezereni mkatoni yake.