Kawerengedwe ka Zidindo Zakale za Anthu Wamba ku England

Ife amene tinadutsa pa Beitbridge pobwera kuno ku Johannesburg timadziwa mphamvu ya chidindo, kaya ndi cha pa pasipoti kapena cha pa kalata ya amfumu. Ku England m'zaka za m'ma 1200 ndi 1300 ngakhale mlimi wamba ankatha kukhala ndi chake, ndipo pogulitsa munda ankachidinda pa phula lolendewera kunsi kwa chikalata. Mfumu John ya ku England nayo sinasaine Magna Carta, chikalata chotchuka chochepetsa mphamvu za mfumu, mu 1215, koma chikalatacho chinatsimikizidwa ndi chidindo.

Mukakumana ndi kachitsulo kotere, kaya m'sitolo ya zinthu zakale kapena pa zithunzi za pa intaneti za Portable Antiquities Scheme, yomwe yakhala ikulemba zinthu zotoledwa m'nthaka ya England ndi Wales kuyambira 1997, kumbukirani kuti zilembo zake zinagobedwa mobwerera m'mbuyo. Ngati mwini wake walola, kadindeni pang'onopang'ono pa Prestik wofewa, uja timamatira mapepala pakhoma, kenako muunike ndi tochi ya foni kuchokera cha m'mbali kuti mthunzi uonetse mizere. Ngati muli ndi chithunzi cha kachitsuloko chokha, chiyang'anireni pa kalilole kuti zilembo ziwerengeke.

Onaninso chitsulo chake. Chophwatalala cha mtovu nthawi zambiri ndi cha m'ma 1200, pamene cha mkuwa chokhala ngati kabelu, chaboo lolowetsamo chingwe, chinafala m'ma 1300. Chosongoka kumwamba ndi kunsi ngati tsamba ankachikonda amayi ndi ansembe, ngakhale silinali lamulo.

Langizo langa lalikulu ndi lakuti muyambe mwawerenga mawu a m'mphepete musanatengeke ndi chithunzi cha pakati. Pa Prestik paja funani kamtanda kapena kanyenyezi pamwamba, ndipo muwerenge motsata mmene mivi ya wotchi imayendera. Chilembo cha S chikuimira mawu a Chilatini akuti sigillum, kutanthauza chidindo, kenako pamabwera dzina, ndipo FIL akutanthauza mwana wa uje. Kawirikawiri V amaimira U. Mukapeza dzina, mwapeza munthu, ndipo duwa kapena nyenyezi ya pakatipo mwina inali yongokongoletsa.

Pamene palibe dzina ndi pamene nkhani imakoma, chifukwa zidindo zambiri za m'ma 1300 zinkagulidwa zopangiratu, munthu n'kungosankha chomwe chamugwira mtima. Mwanawankhosa wonyamula mbendera amayenda ndi mawu akuti ECCE AGNVS DEI, onani Mwanawankhosa wa Mulungu. Mbalame ya vuwo yodzijompha pachifuwa kuti idyetse ana ake magazi imaimira Khristu wodzipereka nsembe. Manja awiri ogwirana amanena za kukhulupirika pa chibwenzi, ndipo kabawi wogwira mbalame, ndi mawu a Chifalansa chakale akuti ALAS IE SV PRIS, kalanga ine ndagwidwa, ambiri amamumasulira ngati chizindikiro cha munthu wokodwa m'chikondi. Ine chimene chimandikhudza kwambiri ndi kalulu wokwera pamsana pa galu, lipenga lili kukamwa, pambali palembedwa SOHOV, mfuu ya alenje. Wosakidwa wasanduka mlenje, ndipo aliyense amene anakulira pa nthano za Kalulu madzulo pamoto sangafune womumasulira. Palinso gologolo wa mawu akuti I CRAKE NOTIS, ndimaswa mtedza, zomwe ena amati zikufanizira kuswa phula potsegula kalata. Zina zimangolamula kuti LEGE TEGE, werenga ndipo ubise.

Chotero musafulumire kunena kuti mkango ukusonyeza banja lachifumu, pakuti ungakhale wa wamalonda amene anangoukonda pamsika.

Musachikweche kachitsuloko ndi mankhwala owalitsira mkuwa, chifukwa mumafufuta zilembo zomwe mukufunazo, ndipo mukagwira cha mtovu musambe m'manja. Chikakhala chodulidwa pakati musachinyoze msanga, popeza zina ankazidula dala mwini wake akamwalira kuti wina asadindire chikalata m'dzina la malemu.