Pa triathlon ya anthu atatu, wothamanga ndiye asamale kwambiri

Triathlon ndi mpikisano wa magawo atatu, ndipo pa mtunda wautali pamakhala kusambira makilomita 3.8, kupalasa njinga makilomita 180 ndi kuthamanga makilomita 42.2. Ku mpikisano wa Challenge Roth, m'dziko la Germany, amalola anthu atatu kugawana zigawozi, ndipo chopatsirana chawo ndi ka chip kowerengera nthawi.

Kachipangizoka mangani pa kakolo wa kumanzere, chifukwa tcheni cha njinga chili kumanja. Amene akulandira ndiye agwade n'kumasula yekha. Wosambira amatuluka m'madzi ali ndi chizungulire, zala zitachita dzanzi, ndiye angoima chilili.

Wopalasa adye magalamu 60 mpaka 90 a zakudya zopatsa mphamvu pa ola lililonse. Ambiri amaganiza kuti poti sathamanga pambuyo pake angathe kupondereza kuyambira pachiyambi, koma miyendo imauma asanafike kumapeto.

Wothamanga ndiye amavutika, ngakhale m'mawa wonse amaoneka ngati akungocheza. Amadikira maola 6 kapena 7, kenako n'kuyamba dzuwa likuswa mtengo. Inu wothamanga, musaime m'mbali mwa msewu kukuwira anzanu: khalani pamthunzi, miyendo ili m'mwamba, mukumwa madzi pang'onopang'ono. Chakudya chenicheni idyani kutatsala maola atatu kuti wopalasa afike, mpunga kapena buledi, osati zamafuta. Kuti mudziwe nthawiyo, musadalire apu ya pa foni yokha, imachedwa kusonyeza pomwe munthu wafika. Wopalasa akuuzenitu nthawi yake yachangu ndi yochedwa, inu mukhale pamalo osinthirana mphindi 30 yachanguyo isanakwane, nambala yanu ya mpikisano ili kale pachifuwa, zingwe za nsapato zomangidwa.