Mmene ndinalowera ku banki yanga pa Firefox ya Linux Mint

Laputopu yanga ndi yakale, ilibe kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 kamene Windows 11 imafuna. Microsoft itasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndinaikamo Linux Mint, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta, m'malo mwa Windows. Zonse zinkayenda bwino kupatula banki basi. Pa Firefox, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, ndinkalemba dzina ndi pasiwedi, nambala yotsimikizira n'kufika pa foni, koma ndikangoilowetsa, tsamba linkandibwezera poyambira. Katatu konse, pamene ndinkafunika kulipira katundu amene ndinaoda ku Limbe tsiku lomwelo.

Ndinakwera minibasi kuchoka ku Chilomoni kupita kunthambi ya banki m'tauni. Mayi wa pakauntala anangoti, "Bambo, gwiritsani ntchito Chrome." Zinandiwawa mumtima, chifukwa ndalama ndi zanga ndipo kompyuta ilibe vuto.

Gwero lake linali ma cookie, timafayilo timene tsamba limasunga pa kompyuta kuti lizikukumbukira. Kuyambira mu 2022, Firefox imasunga ma cookie a tsamba lililonse paokhapaokha, zomwe amazitcha Total Cookie Protection. Tsamba la banki yanga limadalira adiresi ina potsimikizira munthu, ndiye pobwerera linkaiwala kuti ndine yemwe uja.

Ndinadina kachishango kali kumanzere kwa adiresi, n'kuzimitsa Enhanced Tracking Protection, chitetezo chimene Total Cookie Protection ndi mbali yake, pa tsamba la banki lokhalo. Masamba ena onse ndinawasiya otetezedwa. Kenako ndinadina kaloko kali pomwepo, n'kufufuta ma cookie akale a tsambalo. Nditalowanso, akaunti inatseguka nthawi yomweyo, ndipo wamalonda uja analandira ndalama zake asanatseke sitolo.